Mpeni Wakuthwa: Kuchokera pa Ng'anjo za Makolo Kufika pa Nthaka ya ku Kasiya

David Livingstone podutsa m'midzi ya Achewa, analemba kuti sankayenda midzi yambiri osaona ng'anjo. Ng'anjozo zinali zoumbidwa ndi dothi, zazitali ngati munthu, ndipo m'kati mwake amisiri ankasanja miyala ya chitsulo ndi makala. Ntchitoyi inali ndi mwambo wake: ng'anjo ikayaka, mmisiri ankadika, osagona ndi mkazi wake, kuopa kuti chitsulo chingakane kutuluka.

Komatu chotuluka m'ng'anjo sichinali khasu. Chinali chibuma chokhakhala, chodzaza zinyalala. Luso lenileni linali pa chipala, pamene mnyamata ankapopa mvukuto wachikopa, wosula n'kumamenya chitsulo chofiira mobwerezabwereza mpaka zinyalala zitathothoka. Ankamaliza ndi kusasantha kukamwa kwa nkhwangwa kapena sompho kuti kulimbe, kenako n'kunola pa mwala. Wosula aliyense ankalimbana ndi vuto limodzi: chitsulo chofewa chimabuntha msanga, cholimbitsitsa chimathetheka. Makasu a Amaravi anatchuka mpaka ku Tete, kumene ankasinthanitsidwa ndi nsalu.

Ng'anjo zinazima mu nthawi ya atsamunda, makasu a m'sitolo atachuluka. Zina zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Osula sanathe ayi. Anangosintha pochokera chitsulo. Lero amasula zikwanje ndi nkhwangwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto, ndipo chitsulo chikafiira amachiviika m'madzi kapena mu oyilo wakutha kuti chiume.

Vuto lija la kubuntha ndi kuthetheka, mafakitale a kunja analipezera njira ina. Mu 1969 kampani ya Sandvik ya ku Sweden inayamba kugulitsa mipeni yosemera zitsulo yokutidwa ndi titanium carbide. Pambuyo pake kunabwera titanium nitride, yomwe imapatsa zobowolera zitsulo mtundu wagolide uja. Chikutocho n'chopyapyala kuposa tsitsi, koma chimachepetsa kukhulana ndi kutentha, motero mpeni umakhalitsa, m'kati mwake muli mosathetheka.

Apa ndi pamene mbiri ikubwerera kwawo. Titanium amachokera ku miyala monga rutile, ndipo mu 2022 kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inalengeza kuti ku Kasiya ndiko kuli rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko lapansi. Sali m'thanthwe lakuya. Ali m'dothi lofewa la pamwamba, lomwelo limene alimi amadzalamo chimanga, mtedza ndi fodya. Wowotcherera mawindo pa Nsaru kapena pa Namitete amamugwira kale tsiku ndi tsiku, pakuti ndodo zambiri zowotcherera zimakutidwa ndi rutile, ngakhale kuti amazigula zochokera kunja.

Dothi likadzayamba kufukulidwa, zibuma zakuda za ng'anjo ndi zidutswa za mipope yadothi zomwe khasu limavumbula m'minda zidzapita nalo limodzi. Mafumu ndi akuluakulu odziwa malo amene makolo ankasungunulira chitsulo ayenera kuwalozera a nthambi yosunga zinthu zakale, kuti alembedwe makina asanafike.