Kusabereka ndi Kusinthasintha kwa Msambo m'Mbiri ya Achewa a kwa Mlolo

Dziko la Mfumu Mlolo, lomwe lili m'boma la Chadiza kufupi ndi malire a Zambia ndi Mozambique, ndi la Achewa amene amalambira Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika, ndipo mtundu wawo amauwerengera kuchikazi. Pachifukwa ichi, kusabereka kwa mkazi sikunali chisoni cha banja lake lokha, chifukwa mbumba, kutanthauza alongo ndi ana awo amene mwamuna amawayang'anira monga nkhoswe, ndiyo inkakuza mudzi ndi kusunga dzina. Mkazi amene ankatha miyezi itatu kapena inayi osapita kumwezi, koma alibe pakati, ankayamba wafotokozera anamkungwi amene anamulanga pachinamwali, ndipo iwo akalephera, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankatengera nkhaniyo kwa sing'anga.

Sing'anga ankafufuza m'makhalidwe a anthu asanafufuze m'thupi. Ankafunsa ngati panachitika mdulo, womwe ndi matenda obwera munthu akaphwanya mwambo wa kugonana kapena wothira mchere m'ndiwo ali kumwezi, ngati mizimu ya makolo inakwiya, kapenanso ngati wachibale wina anamanga mimbayo mwa ufiti. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a m'chigawo cha Fort Jameson kuyambira mu 1946, anasonyeza m'buku lake la mu 1965 kuti milandu ya ufiti inkabuka kwambiri pakati pa abale a bele limodzi, ndipo n'zomveka kuti mimba yosaoneka inkagwera m'mikangano yomweyo. Mankhwala a sing'anga anali mizu yoviika m'madzi kapena yothira m'phala, mphini za m'chiuno ndi mkuzi, chingwe cha mankhwala chomanga m'chiuno. Boma la atsamunda linaletsa kuloza mfiti ndi lamulo la mu 1914, koma kufukula mizu sikunaleke, ngakhale chipatala cha St Francis chitatsegulidwa ku Katete mu 1948.

Ena mwa akazi amene ankatchedwa chumba ayenera kuti anali ndi vuto limene madokotala Irving Stein ndi Michael Leventhal anafotokoza ku Chicago mu 1935, lomwe lero limadziwika kuti PCOS. Pavutoli mahomoni, omwe ndi timadzi totumiza mauthenga m'thupi, sayenda mwadongosolo, kotero mazira amayamba kukula m'thumba lake koma sakhwima n'kutuluka, msambo umadumphadumpha, ndipo akazi ena amamera ndevu, amatuluka ziphuphu kapena kunenepa. Akatswiri atakumana ku Rotterdam mu 2003 anagwirizana kuti zizindikiro ziwiri mwa zitatu, zomwe ndi kusatuluka kwa mazira, kuchuluka kwa mahomoni achimuna ndi timatumba tambiri tooneka pa sikani, n'zokwanira kutsimikiza matendawa, omwe amagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa khumi a msinkhu wobereka. N'zomvetsa chisoni kuti ndevu zomwezo zikanatha kuchititsa mudzi kumukayikira mkazi amene ankangofunika chithandizo.

Chimene chimalumikiza nkhaniyi ndi mbiri ya kadyedwe ndi insulini, homoni yolowetsa shuga m'minofu, imene thupi la akazi ambiri a PCOS silimvera bwino. Makolo ankadalira mapira ndi mawere chimanga chisanafalikire, ankadya nkhwani, bonongwe, chisoso ndi nyemba zotendera nsinjiro, ndipo mtondo, khasu ndi ulendo wa kumadzi zinkagwiritsa thupi ntchito tsiku lililonse. Masiku ano zakumwa zotsekemera za m'magolosale zawonjezera mtolo wa shuga m'thupi. Moyo wakalewo sunkateteza aliyense, popeza vutoli limayendanso m'magazi a pamtundu ndipo limagwira ngakhale akazi ochepa thupi, koma kafukufuku wasonyeza kuti mkazi wonenepa akachepetsa kulemera kwake ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, msambo umatha kubwerera m'malo mwake. Umboni wotere sunapezeke pa mizu ya asing'anga, yomwe mlingo wake sudziwika ndipo ina imavulaza chiwindi ndi impso, pamene metformin, mankhwala a shuga amene madokotala amapatsa akazi a PCOS, mbiri yake inayambira pa chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, koma anafika m'zipatala atayesedwa ndi kupimidwa mlingo.