Maso a Kumbuyo kwa Katapila ku Area 25

Area 25 idayalidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968, linkamanga likulu latsopano ku Lilongwe. Malowa ali pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Magireda ndi makatapila ndiwo adalambula misewu, koma nyumba eni ake adamanga okha ndi khasu, piki, fosholo, wilibala ndi chikombole cha njerwa.

Dzina loti katapila lidachokera ku kampani ya ku America ya Caterpillar, ndipo anthu amatchula nalo pafupifupi chimakina chilichonse chokumba kapena kukankha dothi. Chilema chake n'chakale: woyendetsa saona bwino kumbuyo, chifukwa injini ndi zitsulo zimamutchinga. Choncho pantchito pamakhala munthu wina woima pansi, kansalu kofiira m'manja, woongolera dalaivala ndi zizindikiro kapena mluzu. Ntchito yake ina, yomwe m'madera ngati Area 25 ndi yaikulu, ndi kuthamangitsa ana, popeza chimakina chikangolira mumsewu ana amathamangira kukaonerera.

Makina ang'onoang'ono adabwera pang'onopang'ono. JCB ya ku England idapanga thalakitala yokhala ndi mkono wokumbira kumbuyo mu 1953. Kamakina kotchedwa Bobcat, kotembenukira pamalo amodzi, kadayamba ku America cha m'ma 1960, ndipo Yanmar ya ku Japan idatulutsa kakatapila kokumba mu 1968. Ubwino wa timakinati ndi woti timalowa pakati pa mpanda ndi nyumba, pomwe chimakina chachikulu sichingadutse. Ngozi yake ili pomwepo. Malo opanikizawo ndi omwe amayi amadutsa ndi ndowa pamutu, pomwenso wakabaza amatulukira mosayembekezereka. Pa Bobcat, mikono yonyamulira imatchinga m'mbali, ndipo zenera lakumbuyo ndi laling'ono.

Zothandiza kupewa ngozi zotere zidayamba ndi magalasi, kenako alamu yolira makina akamabwerera m'mbuyo. Kamera ndiyo idabwera pomaliza, ndipo idafala kwambiri kudzera m'magalimoto: ku America lamulo lidakakamiza kuti galimoto zatsopano zikhale nayo kuyambira mu 2018. Chosangalatsa n'choti ikhoza kuikidwa ngakhale pa makina akale. Ndi kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamamangidwa kumbuyo pamwamba pa injini, waya wake n'kupita ku sikirini yomwe ili pafupi ndi dalaivala, ndipo chithunzi chimaoneka akangoika giya yobwerera. Makina ena ali ndi makamera anayi, omwe amaonetsa malo onse ozungulira ngati mmene khwangwala amaonera ali m'mwamba.

Ku Area 25 mdani wa kamera ndi dothi lenilenilo. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limaphimba kagalasi kake ntchito isanafike patali, ndipo dzinja likafika matope amakamata. Kunjenjemera kwa makina kumamasulanso mawaya. Dalaivala wosamala amapukuta kagalasiko m'mawa uliwonse poyang'ana oyilo ndi madzi, ndipo kapitawo wanzeru amasiyabe munthu wakansalu kofiira uja pamalo pake, makamaka nthawi yomwe ana akuweruka kusukulu.