Mayi wa ku Mzimba Amene Analemba Mabuku a Chikondi

Lero tikamba mbiri ya mabuku a nkhani za chikondi, ndi ya mayi mmodzi wa kwathu kuno amene anawalemba. Mwina ena a inu muti zimenezi ndi zachibwana, zosayenera anthu aakulu. Koma tamvani kaye, pakuti zolembedwa m'mabukuwa ndi milandu yomweyo imene mumazenga pabwalo.

Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, nyumba zatsopano za ku Area 18 zinadzaza ndi makalaliki, aphunzitsi ndi anamwino, ambiri a iwo ana a alimi ochokera m'midzi yanu. M'zaka za m'ma 1980 atsikana a m'nyumba zimenezo, ndi anzawo a ku Kawale ndi ku Biwi, anali kubwerekana timabuku ta chikondi mpaka chikuto kuthothoka. Kodi timabuku timeneti tinachokera kuti?

Poyamba olemba mabuku a nthano m'dziko muno anali amuna. Bambo Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo mu 1933. Bambo John Gwengwe anatulutsa Sikusinja ndi Gwenembe mu 1965, ndipo pambuyo pake kunadza a Aubrey Kalitera ndi a Willie Zingani. Mabuku a chikondi olembedwa ndi akazi anali kuchokera ku London, ku kampani ya Mills & Boon imene inayamba mu 1908. Mabuku amenewa ali ndi mwambo wake. Nkhani imatsata mtima wa mtsikana. Iye akumana ndi mnyamata, pakati pawo pagwa chotchinga, avutika, koma potsiriza akwatirana. Chovuta chinali chakuti anthu a m'nkhanizo anali Azungu okhaokha, osadziwa nkhoswe kapena malowolo.

Mu 1977 kampani ya Macmillan inayamba mabuku otchedwa Pacesetters, olembedwa ndi anthu a mu Africa m'Chingerezi chosavuta, aafupi ndi otsika mtengo. Onse pamodzi anapitirira 100. Mayi Helen Ovbiagele a ku Nigeria analembamo Evbu My Love mu 1980. Mwambo unali womwewo, koma zotchinga zinasanduka zathu: makolo okana mkamwini wa mtundu wina, malowolo okwera, mnyamata wa m'tauni wonamiza atsikana awiri, ndi mtsikana wosowa chosankha pakati pa sukulu ndi ukwati.

Apa ndi pamene tikumana ndi Mayi Walije Gondwe, amene kwawo angawatche NyaGondwe. Anabadwa mu 1936 m'boma la Mzimba, naphunzira sukulu pa nthawi imene atsikana ofika patali anali owerengeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anapita ku England kukaphunzira ntchito ya ulembi wa mu ofesi, nakhazikika komweko. Buku lawo loyamba, Love's Dilemma, linatuluka mu Pacesetters mu 1985, ali ndi zaka pafupi 50, ndipo iwo ndiwo amadziwika kuti ndi mayi woyamba wa ku Malawi kusindikizitsa buku la nthano yaitali. Mu 1988 anatulutsa Second-hand Love, ndipo mu 1993 Double Dating. Taonani kuti pakati pa Nthondo ndi buku la mayiwa panapita zaka 52. Zaka zonsezo nkhani za mtsikana Wachimalawi anali kuzilemba amuna.

Tsono mafumu, mfundo yake ndi iyi. Mlandu wa ukwati ukafika pabwalo, amalankhula ankhoswe, amalankhula amalume, pamene mwini nkhaniyo wakhala pansi wazolika. M'mabuku a chikondi zinthu zimatembenuka. Mtsikana ndiye amatiuza zimene ali kuganiza, amene wamkonda, ndi chimene wakanira winayo. Ndi chifukwa chake atsikana anawakonda. Ena amadandaula kuti mabukuwa amanamiza ana, chifukwa nkhani imathera pa tsiku la ukwati, pamene inu mudziwa kuti kulima, kulera ndi kupirirana kumayamba m'mawa mwake. Dandaulo limeneli ndi loona. Komabe mwana amene wazolowera kuwerenga timabuku topepuka savutika kutsegula mabuku a mayeso.

Mayi Gondwe anadziwa kufunika kwake kwa buku m'manja mwa mwana wa kumudzi. Mu 1999 anayambitsa bungwe la Vinjeru Education, dzina lochokera ku mawu a Chitumbuka otanthauza nzeru, kuti lizisonkhanitsa mabuku ndi zipangizo za sukulu ku Britain ndi kuzitumiza ku masukulu a kumidzi kuno.

Lamulo la maukwati la 2015 limati munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18. Mwana wamkazi akafuna kupitiriza sukulu, mlekeni apitirize. Ndipo mawa pobwera mlandu wa ukwati pabwalo panu, musanagamule, mufunseni mtsikanayo maganizo ake, ndi kumpatsa nthawi yoti ayankhe yekha.