Sefuliya Yolankhula

Makolo athu sanali kusowa cocita dzuwa likalowa. Nsima ikadyedwa, amuna anali kukhala pabwalo namasema mipini kapena kuluka mphasa, ndipo ana anali kuzinga moto wa agogo ao kudikira nthano ndi zirapi. Mwezi ukawala, ng'oma inali kuitana anyamata ndi atsikana. Nthawi imeneyi, ya pakati pa cakudya ndi tulo, ndiyo inali cuma ca munthu wosauka, pakuti panalibe kapitao woilamulira. Tsono nkhani imene ndifuna kukamba pano ndi ya mlendo wina amene analowa m'maceza a madzulo m'caka ca 1949, nakhazikika monga mwini mudzi. Mlendoyo anali kawailesi kakang'ono kozungulira, kamene Azungu anakacha Saucepan Special, cifukwa maonekedwe ace anali a sefuliya yophikira ndiwo.

Kuulutsa mau kunayamba m'Lusaka m'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati. Boma la Northern Rhodesia linafuna kuti anthu azimva za ana ao amene anapita ku usilikari, ndiponso kuti mphekesera zisacuruke. Koma mawailesi a masiku amenewo anali akuluakulu ndi odula, kotero anali kuikidwa pa maboma, pa mabwalo a mafumu ena, ndi m'nyumba zocezeramo za m'makomboni. Wofuna kumva anayenera kuyenda mtunda ndi kukakhala pa cigulu, ndipo makinawo akaonongeka anali kukhala duu kufikira atabwera wodziwa kukonza.

Nkhondo itatha, mkuru wa za mauthenga m'Boma, dzina lace Harry Franklin, anaganiza kuti nyumba ya mau ya m'Lusaka iziulutsira anthu akuda a maiko atatu, ndiwo Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Anaicha Central African Broadcasting Station, ndipo inali kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi. Bvuto linali lakuti olankhula analipo koma omvera anali owerengeka. Kwa zaka zitatu Franklin anafunafuna kampani imene ikanapanga wailesi yochipa, yolimba, yosafuna magetsi. Ambiri anamkana. Potsiriza inabvomera kampani ya Ever Ready ya ku England, imene nchito yace yeniyeni inali kupanga mabatire. Apa owerenga aone okha nzeru ya amalonda: wokugulitsani nyale pa mtengo wotsika adziwa kuti mudzabweranso kudzagula mafuta.

Thupi la wailesiyo linali sefuliya yeniyeni yopanda cogwirira, mainchesi 9 m'mimba mwace, yopakidwa utoto wa buluu. Ziboo zace anazitseka ndi kaukonde ka waya kuti mphemvu ndi tizirombo tina tisalowe. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace, limene linali kukhala padera, linali la masheleni 25 ndipo linali kugwira nchito maola ngati 300. Kwa anthu ambiri ndalama zimenezi zinaposa malipiro a mwezi wathunthu. Koma anagula ndithu, kotero kuti pa zaka zocepa masefuliya zikwi makumi angapo anali atamwazika m'matauni ndi m'midzi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi maola 300 aja. Banja lomvera maola awiri madzulo ali onse linali kutha batire pa miyezi isanu. Cifukwa ca ici wailesi sinali kutsegulidwa wamba. Mwini nyumba yekha ndiye anali kupotokola kabatani, ndipo mwana wogwira cinthuco atate ace kulibe anali kudziitanira mkwapulo. Amai anali kuipatsa malo aulemu pa thebulo, naipfunda kansalu kopeta maluwa ndi manja ao. Panja anali kuimika nsungwi yaitali yomangirira waya wokokera mau, ndipo nsungwi imeneyo inali kuuza wodutsa ali yense kuti pakhomo pano pali munthu wotsogola, monga momwe njinga yopukutidwa bwino kapena nsapato zonyezimira za pa Sabata zinali kunenera. Koma ulemu umenewu unali ndi msonkho wace. M'mudzi mwathu munthu sadya yekha, ndipo nyimbo sungaitsekere m'nyumba. Dzuwa likapendeka, anansi anali kufika ndi timipando tao, ndipo mwini wailesi wouma mtima anali kunenedwa monga munthu womana nsima.

Boma linali ndi colinga cace. Linafuna kuphunzitsa anthu kukumba zimbudzi, kulima mizere yopingasa pa mtunda, kulera bwino makanda ndi kumvera malamulo. Maphunziro amenewa anaulutsidwa, ndipo ena anathandiza. Koma cimene cinakoka mitima cinali cina, ndico nyimbo ndi moni. Panali cigawo cochedwa Zimene Mwatifunsa, m'mene omvera anali kulemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Makalata anali kufika ocuruka koposa amene oulutsa akanatha kuwerenga.

Kuti timvetse cifukwa cace, tikumbukire m'mene anthu anali kukhalira zaka zimenezo. Midzi ya ku Katete, ku Petauke ndi ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, inali yodzala ndi akazi, ana ndi okalamba. Amuna anali ku migodi ya Kitwe ndi Luanshya, ku malasha a ku Wankie, ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia, ena ku Johannesburg. Ena mwa iwo anasanduka machona, osabwerera konse. Kalata inali kucedwa, ndipo ikafika panafunika mwana wa sukulu woiwerenga, amene anali kumva ndi zinsinsi zomwe. Tsono taganizani mai wokhala pa mphasa ya mnansi wace, namva dzina la mwamuna wace ndi la mudzi wao likuchulidwa kucokera ku Lusaka, pamaso pa apongozi ndi anthu onse amene anali kunena kuti anamtaya. Kwa olamulira ici cinali cosangalatsa cabe, codzazira mpata pakati pa nkhani ndi maphunziro. Kwa mai ameneyo unali umboni wakuti ukwati ulipobe. Ine ndiyesa kuti sefuliya ija sikanagulidwa cotere cifukwa ca maphunziro a zimbudzi.

Za nyimbo tiyenera kuchula anthu awiri. Michael Kittermaster, amene anali kuyang'anira kuulutsa, analimbikira kuti anchito ace azipita ndi makina m'midzi kukajambula ng'oma, kalimba ndi nyimbo za pamtondo. Winayo ndiye Alick Nkhata, wobadwa m'caka ca 1922 ku Kasama, atate ace Mtonga wa ku Nyasaland, amai ace Mbemba. Iyeyu anapita ku nkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, wosonkhanitsa nyimbo za m'Afrika, asanalowe m'nyumba ya mau. Nkhata anatenga maimbidwe a kumudzi nawaika pa gitala, naimba za moyo wa m'tauni, za ndalama, za zobvala ndi za maukwati. Anyamata osakhoza kugula gitala anali kusema mabanjo ao a zitini, namatsanzira cimene anamva dzulo. Mcewa anayamba kuimba Cibemba cimene sanacidziwe tanthauzo lace, ndi Mlozi kubvina nyimbo ya Cinyanja.

Koma cisangalalo sicinakhale copanda mtambo. Pamene Azungu anaumiriza citaganya ca maiko atatu aja m'caka ca 1953, anthu akuda osacifuna, wailesi inayenera kulengeza mau a Boma. Cikhulupiriro cinasweka. Kunabuka mphekesera yakuti oulutsa mau anali banyama, anthu oyamwa anzao mwazi, ndipo ena mwa iwo, amene dzulo lace anali okondedwa, anayamba kuyenda mwamantha m'makomboni. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito m'nyumba imeneyo, anasimba zimenezi m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la m'caka ca 1959. M'caka ca 1958 nyumbayo inalowa pansi pa Federal Broadcasting Corporation, imene likuru lace linali ku Salisbury. Nkhata anaona ufulu wa 1964 nakhala mmodzi wa akuru a wailesi ya Zambia, koma anafa m'caka ca 1978 pamene asilikari a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi munda wace ku Mkushi.

Sefuliya yokha inatha mwakacetecete. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera mawailesi opepuka a timabatire ting'onoting'ono, amene mnyamata anatha kuwanyamula pa phewa kapena kuwamangirira pa njinga, ndipo batire lolemera lija linasowa wolifuna.

Akulu ena amadandaula kuti wailesi ndiyo inapha nthano za pa moto. M'mau ao muli coonadi, pakuti agogo sakanatha kupikisana ndi gitala. Koma nthanoyo inalowa m'wailesi momwemo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo anali kusimba nkhani m'Cinyanja pa wailesi ya Zambia, pa cigawo cochedwa Poceza m'Madzulo. Anali kulankhula yekha mau a mfumu, a nkhalamba, a mwana ndi a cirombo, ndi maseketso ndi miyambi ya kummawa, ndipo pambuyo pace Ernst Wendland anasonkhanitsa zina mwa nkhanizo nazisindikiza. Nthawi yace ikakwana, ana anali kusiya masewero ndi kuzinga wailesi monga makolo ao anazingira moto, ndipo amai anali kufulumiza nsima kuti mphika usawacedwetse.