Tsamba Limodzi Lomwe Lidabala Chiyankhulo

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mbiri ya ziyankhulo za kompyuta ikuuchitira umboni mwambi umenewu.

Kompyuta siichita kanthu payokha. Imatsata malangizo olembedwa ndi munthu m'chiyankhulo chapadera. M'chaka cha 1962, katswiri wa masamu wa ku Canada, Bambo Kenneth Iverson, adasindikiza buku lolongosola kalembedwe katsopano, komwe pambuyo pake kadasanduka chiyankhulo chotchedwa APL ku kampani ya IBM. Pomwe ziyankhulo zambiri zimatenga nambala imodziimodzi, APL imagwira mndandanda wonse nthaŵi imodzi. Kuwonkhetsa nambala chikwi kumangofuna zizindikiro ziŵiri ndi dzina la mndandandawo.

M'chaka cha 1989, Bambo Arthur Whitney adakacheza kwa Bambo Iverson, ndipo masana amodzi adalemba pulogalamu yokwana tsamba limodzi lokha. Pulogalamuyo inkamva ndi kutsata malangizo angapo ofanana ndi a APL. Koma kalembedwe kake kadali kothinana kotheratu: mayina ambiri adali a chilembo chimodzi kapena ziŵiri, ndipo padalibe mawu ofotokozera. Munthu wopupuluma akadangoti mwadutsa nkhuku.

Bambo Roger Hui, amene ankagwira ntchito ndi Bambo Iverson, sadatero. Adaliŵerenga tsambalo mzere ndi mzere pafupifupi sabata yathunthu asanalembe kanthu. Adaonamo momwe mindandanda ingasungidwire ndiponso momwe ntchito yaikulu ingamangidwire pa timawu toŵerengeka. Atamvetsa, adatsanzira kamangidwe komweko polemba chiyankhulo cha J, chomwe chidatuluka m'chaka cha 1990.

Kuchokera apo njira zidasiyana. M'chaka cha 1993 Bambo Whitney ndi Mayi Janet Lustgarten adayambitsa kampani ya Kx Systems, yomwe inkagulitsa chiyankhulo cha k, makamaka ku mabanki akuluakulu. Ogula ankaloledwa kuchigwiritsa ntchito, koma zolemba zosonyeza kapangidwe kake zidakhala chinsinsi cha kampani. Eni ake a J adasankha kwina: m'chaka cha 2011 adatsegula zolemba zawo kuti aliyense aziŵerenga.

Nchifukwa chake ofuna kudziŵa maganizidwe a Bambo Whitney amabwererabe ku tsamba lija la 1989. Chobisika chimapindulitsa mwini wake, koma sichiphunzitsa mlendo. Chomwe chaikidwa poyera, ngakhale chivute chotani kuŵerenga, wodekha amatolapo luso.