Liwiro la Bwato Limayambira M'nkhalango

Boma la Mzimba lilibe gombe, koma usipa wa pa msika wa paboma ndi pa Jenda umachokera kunyanja imene imamwa madzi a m'mapiri a Viphya. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835 ndipo ena mwa iwo anadzakhazikika m'bomali, anali anthu a ng'ombe, ndipo Atonga amene anawathawa m'zaka za m'ma 1870 anabwerera ku Chintheche, ku moyo wa nkhafi ndi ukonde. Komabe a kumtunda ndi a kunyanja sanalekane, pakuti liwiro la msodzi lakhala likudalira mitengo ya m'zitunda zotsikira kunyanja.

Bwato losema silingatalike kuposa thunthu lake. Likakhala lalifupi, limadzikankhira funde kutsogolo, ndipo wopalasa amangotha mphamvu pachabe. Lalitali ndi lowonda limang'amba madzi n'kutsetsereka mtunda wautali pa kupalasa kumodzi. Amisiri a zombo amawerengera kuti bwato likatalika kanayi, malire a liwiro lake amawirikiza kawiri. Asemi akale ankazidziwa izi ndi manja, n'chifukwa chake ankalondola mbawa zowongoka m'mphepete mwa mitsinje, n'kumemeza mudzi wonse kukakokera bwato kugombe. Ofuna kupitirira malire a thunthu anatembenukira ku matabwa ndi chitsulo. Jumbe Salim bin Abdallah, atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, anakhoma ngalawa za thanga zoolotsa minyanga ndi akapolo, ndipo mu 1875 amishoni a Livingstonia anayandamitsa sitima ya Ilala. Koma msodzi wamba anatsalabe ndi nsompho, ndipo mbawa zitayamba kusowa anayamba kusema mango ndi bulugama, mitengo yosakhalitsa m'madzi. Mahekitala pafupifupi 53,000 a paini a ku Chikangawa sanatseke mpatawu, chifukwa anabzalidwira fakitale ya mapepala ya ku Chintheche imene sinamangidwe.

Ena anganene kuti injini inathetsa nkhani yonseyi. Zoonadi boti la matabwa la injini limafika kutali, koma limamwa petulo wodula, limafunanso matabwa abwino, ndipo ngakhale posodza ndi ukonde wa chilimira, siginala, wotsogolera asodzi, amakhalabe m'bwato losema ndi nyali zake, kukopa usipa. Enanso angati kutalika si zonse, ndipo akunena zoona. Bwato lalitali limavuta kukhota, limalemera polikokera kumchenga, ndipo likawonda kwambiri mwera sachedwa kuligubuduza. Pa mtsinje wa Rukuru, woolotsa anthu ndi njinga amafuna bwato lotakata ndi lokhazikika, osati la liwiro. Komatu mfundoyi ikungotsimikiza kuti msodzi ayenera kukhala ndi posankha: lalifupi pamadzi apafupi, lalitali akamatsata nsomba zimene zasunthira kwakuya. Nkhalango ikatha, kusankhako kumatha, ndipo bambo amene wasunga ndalama kuti asiye kabwato kake amakapeza kuti msemi alibe thunthu lomupatsa.

Tsono wotentha makala m'nkhalango ya Perekezi ndi woyatsa moto m'mapiri a Viphya akukhudza mtengo wa ndiwo pa msika wa kwawo komwe. Mbawa imatenga zaka makumi angapo kuti ikwane bwato, choncho mafumu a kwa M'mbelwa ku Mzimba ndi makomiti a m'magombe a Nkhata Bay ayenera kubzala ndi kuteteza mitengo yachilengedwe mogwirizana, kuyambira dzinja likubwerali.