Nyimbo zakumudzi ku China zatsitsimuka, koma zatsitsimukira m'tauni

M'chaka cha 1950, akatswiri awiri a zoimbaimba, Yang Yinliu ndi Cao Anhe, anafika mumzinda wa Wuxi atanyamula makina ojambulira mawu pa waya. Ankasaka bambo wina wosaona, Hua Yanjun, yemwe anthu ankangomutchula kuti Abing, amene kwa zaka zambiri ankayendayenda m'misewu n'kumaimba kuti apeze kangachepe. Pofika nthawiyo n'kuti atasiya kuimba, moti zida anachita kumubwerekera. Anajambula nyimbo 6 zokha: zitatu pa erhu, chida cha nsambo ziwiri choimbidwa ndi uta ngati kaligo, ndi zitatu pa pipa, chida chokhwatchula ndi zala. Mu Disembala chaka chomwecho Abing anamwalira. Lero imodzi mwa nyimbozo, Erquan Yingyue, imaimbidwa m'maholo akuluakulu ndipo aliyense wophunzira erhu amayenera kudutsapo. Mbiri yonse ya nyimbo zamakolo ku China yayenda motere: woimba amakhala wamba, wotolera amachokera kwina ali ndi cholinga chake, ndipo omvera atsopano sakhala a m'mudzi momwe nyimboyo inabadwira. Kutsitsimuka komwe kukukambidwa masiku ano n'koona ndithu, koma chomwe chadzuka ndi khutu la munthu wa m'tauni. Mwambo umene unkadyetsa woimba sunadzuke nawo.

Kutolera nyimbo za anthu wamba sikunayambe dzulo. Buku lakale kwambiri la ndakatulo ku China, Shijing, lili ndi ndakatulo 305, ndipo 160 mwa izo zili m'gawo la nyimbo za m'madera osiyanasiyana: za chikondi, za kumunda, za madandaulo a asilikali. Olemba akale ankati mafumu ankatuma nduna kukamvetsera zomwe anthu akuimba kuti adziwe ngati dziko likuyenda bwino. Mfumu Wu ya ufumu wa Han, yomwe inalamulira kuyambira 141 mpaka 87 Yesu asanabadwe, inakuza nthambi ya boma yoona za nyimbo yotchedwa Yuefu. Ndiye mu 1918 aphunzitsi a pa Peking University, motsogozedwa ndi Liu Bannong, anapempha anthu m'dziko lonse kuti atumize nyimbo za kwawo, ndipo mu 1922 anayambitsa nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu yosindikiza nyimbozo. Iwowa chomwe ankafuna chinali chiyankhulo cha anthu wamba choti amangirepo zolemba zatsopano, m'malo mwa chiyankhulo chakale cha ophunzira. Mfumu inkafuna kumva za m'mitima ya anthu, mphunzitsi ankafuna mawu, ndipo palibe mwa awiriwa amene ankalabadira ngati woimbayo wagona ndi njala.

Chipani cha chikomyunizimu ndicho chinaigwiritsa ntchito nyimbo yakumudzi mopanda manyazi. Pa zokambirana za ku Yan'an mu 1942, Mao Zedong analamula kuti aluso aphunzire kwa alimi, ogwira ntchito ndi asilikali, n'kuwatumikira. Oimba anamwazikana m'mapiri a kumpoto kwa Shaanxi, natenga maimbidwe a kumeneko n'kuwaveka mawu atsopano. Dongfang Hong, nyimbo yotamanda Mao imene inkamveka paliponse m'zaka za m'ma 1960, mayendedwe ake ndi a nyimbo ya alimi a kuderalo. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomwe nyimbo ya alimiyi inkalira m'zimkuzamawu zonse, pakati pa 1966 ndi 1976, ndi nthawi yomweyo pomwe akachisi ankagwetsedwa, zida zinkaphwanyidwa, ndipo oimba a pamaliro ndi pazikondwerero za milungu ankatchedwa otsalira. Chipwirikiticho chitatha, kuyambira 1979 boma linayamba ntchito yaikulu yolemba nyimbo za chigawo chilichonse, ntchito imene inatenga zaka pafupifupi 30. Mabukuwo ndi chuma, sitikana. Koma buku silimva njala, silikwatira, ndipo silimwalira kuti anthu aliimbire.

Kutsitsimuka kwa pakati pa omvera kunayambira kwina, ku Taiwan. Mu Juni 1975 woimba Yang Xian anaimba ndakatulo za Yu Guangzhong paholo ya Zhongshan ku Taipei, ndipo chaka chotsatira Li Shuangze anakwera pansanja pa koleji ya Tamkang atanyamula botolo la Coca-Cola, n'kufunsa anzake chifukwa chomwe ankangoimbira nyimbo za azungu ngati kuti zawo alibe. Kumtunda, ku China, chidwi chinakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pomwe oimba a m'tauni anatengera kukuwa kwa alimi a kumpoto chakumadzulo, ndipo Cui Jian analowetsa suona, chitoliro cha mawu akuthwa cha paukwati ndi pamaliro, m'nyimbo za rock. Koma amene anayenda ulendo weniweni ndi anyamata awiri a ku Lanzhou, Zhang Quan ndi Xiao Suo, omwe anayambitsa gulu la Ye Haizi mu 1995. Anayenda wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Yellow akumvetsera abusa ndi alimi, kenako mu 2001 anatsegula kabala kakang'ono kotchedwa River ku Sanlitun, mumzinda wa Beijing. Kabalako kanatsekedwa mu 2003, Xiao Suo anamwalira mu 2004, koma oimba ambiri amene anadzatchuka pambuyo pake, monga Zhou Yunpeng, Wan Xiaoli ndi Xiao He, anadutsa pakhomo limenelo. Zaka khumi zitapita, mipikisano ya pa wailesi yakanema inafikitsa maimbidwewa kwa anthu mamiliyoni: nyimbo ya Song Dongye mu 2013, ya Ma Di mu 2015, ndi ya Zhao Lei yonena za mzinda wa Chengdu mu 2017. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mu 1978 anthu okhala m'tauni sankakwana mmodzi mwa asanu aliwonse, koma pofika 2011 anali atapitirira theka. Omvera atsopanowa ndi ana a alimi okhala m'tizipinda ta lendi, omwe kumudzi amapitako kamodzi pachaka, pachikondwerero cha chaka chatsopano.

Ena amati zonsezi si nyimbo zamakolo ayi, ndi mnyamata chabe wodandaula za chibwenzi atakumbatira gitala, chida chomwe agogo ake sanachionepo. Pali choona pamenepa, chifukwa nyimbo zambiri zotchuka pakanema zilibe fungo la mudzi uliwonse. Koma wotsutsayo akuganiza ngati kunali nthawi ina pomwe nyimbo zakumudzi zinkafika m'tauni zosakhudzidwa, chikhalirecho nthawi yoteroyo sinakhaleko. Wang Luobin, amene anatchukitsa nyimbo za ku Xinjiang ndi Qinghai kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ankazisintha ndi kuziika m'Chitchaina, mpaka m'zaka za m'ma 1990 panabuka mkangano wakuti mwini weniweni wa nyimbozo ndani. Ndiponso si onse a gitala amene anaiwala kwawo. Gulu la Wu Tiao Ren limaimba m'chiyankhulo cha ku Haifeng chomwe Atchaina ambiri sachimva, koma mu 2020 linakopa dziko lonse. Woimba wina, Ilchi, anasiya nyimbo za punk n'kukaphunzira kuimbira pakhosi kwa Amongoliya, ndipo mu 2004 anayambitsa gulu la Hanggai. M'dziko momwe sukulu ndi wailesi zimakankhira aliyense ku Chitchaina cha Mandarin, kuimba m'chiyankhulo cha amayi ako pamaso pa mamiliyoni si nkhani yaing'ono.

Ena amati palibe chodandaulitsa poti boma likusamala. Amatchula guqin, chida chakale cha nsambo, yomwe UNESCO inaizindikira mu 2003, nyimbo za muqam za Auyghur ndi nyimbo zazitali za Amongoliya mu 2005, nyimbo za hua'er ndi makwaya a mtundu wa Dong mu 2009, mndandanda woyamba wa boma wa zinthu 518 mu 2006, ndi lamulo loteteza chikhalidwe la 2011. Zonsezi zinachitikadi, ndipo abambo ndi amayi ena okalamba amalandira kandalama kuti aphunzitse achinyamata. Vuto n'lakuti boma limateteza nyimbo kwinaku likuthetsa malo ake. M'maboma ena, monga m'chigawo cha Shandong, akuluakulu analetsa magulu a suona pamaliro ati pofuna kuchepetsa kuwononga ndalama, pomwe maliro ndiwo ankalipira oimbawo ndi kukopa ana kuti aphunzire. Ku Xinjiang, muqam imaonetsedwa kwa alendo pansanja, pomwe katswiri wa chida cha nsambo cha dutar Abdurehim Heyit anatsekeredwa mu 2017. Ngakhale m'tauni, nyimbo za woimba Li Zhi zinachotsedwa pa intaneti mu 2019. Boma limakonda nyimbo yamakolo ikavala zokongola, koma ikayamba kudandaula, monga inkachitira m'masiku a Shijing, chikondicho chimatha.

Omvera a m'tauni nawo chikondi chawo chili ndi malire. Filimu yomaliza ya wopanga mafilimu Wu Tianming, yonena za mphunzitsi wa suona ndi wophunzira wake, inatuluka mu Meyi 2016 mwini wake atamwalira kale, ndipo eni nyumba zoonetsera mafilimu anaipatsa nthawi zochepa kwambiri. Fang Li, amene ankathandiza kuifalitsa, anagwada pansi anthu akuonera pa intaneti, kuwapempha kuti aionetse. Anthu anakhamukirako, ndalama zinachuluka kangapo, ambiri anatuluka akupukuta misozi chifukwa cha luso lomwe likufa. Koma tikiti ya filimu sinabwezere gulu la suona pamaliro ngakhale amodzi. Oimba ena tsopano amaika foni patsogolo n'kumaimba pa tsamba la makanema la Douyin, owonera n'kumawaponyera timphatso ta ndalama, ndipo kwa ena zimenezi zalowadi m'malo mwa malipiro a pamwambo. Chomwe chimaimbidwa pamenepo ndi tizidutswa tofulumira togwira munthu asanapitirire. Nyimbo zazitali zoperekeza maliro kuyambira m'mawa mpaka usiku, zomwe mwana ankaziphunzira kwa zaka akuyenda pambuyo pa mphunzitsi wake, pafoni sizikwanapo.